Fića ya a Dobrivoje pa phiri la Vranjak

Alamu anga a Dobrivoje anagwira ntchito yonola macheka pamalo ochekera matabwa ku Brezje mpaka mutu wonse unayera. Munthu wotere amazolowera kuganiza kuti chitsulo chilichonse chimakoma ukachipalako pang'ono. Mpeni wa kukhitchini kwawo anaunola mpaka unatsala ngati singano. Sanali munthu wa mowa kapena wa ndewu, ndipo mawu awo anali ochepa, koma akagwira tupa m'manja simukanawauza kanthu. Ine Milisav ndine wa njuchi ndi mitengo ya mapulamu. Ndimaopa chilichonse chothamanga kuposa ng'ombe, ndipo sindichita nazo manyazi.

Pakati pa mudzi wawo wa Brezje ndi wathu wa Lipovac pali phiri la Vranjak. Misewu ilipo iwiri, wina wotsata mtsinje, wina wokwera phirilo, ndipo mbali yoyang'ana kwathu ndiyo yoimirira kwambiri. Aliyense amadziwa kuti ukwati subwerera njira imene unadzera. Choncho pamene a Dobrivoje anabwera kudzatenga mchemwali wanga Radojka, anadzera kumtsinje, ndipo pobwerera panalibe kuchitira mwina koma kukwera Vranjak. Anali atangogula kumene Fića yawo, kagalimoto koyera kokhala ndi injini kumbuyo. Pakati pa chitunda kanatsokomola n'kuzima. Radojka anatsika, anakwinya diresi la ukwati mpaka m'mawondo, n'kuyamba kukankha. Iye ankaseka, anthu ankaseka, koma mkwati sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo, wina akafuna kuwaputa ankangofunsa kuti, "Lero akukankhani ndani, a Dobrivoje?"

Radojka anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Smilja, ali kusekondale. Pa chiliza a Dobrivoje analembetseratu dzina lawo pambali pa la mkazi wawo, chaka chobadwa chilipo, malo a chaka chinacho ali mbee. Galimoto sanaigulitse. Anzawo anagula zatsopano, iwo ankangoipukuta yomweyo n'kumapita nayo kumsika pa liwiro la njinga.

Kenaka Smilja anapeza banja, mnyamata wa kwathu dzina lake Obrad, ndipo ananena poyera kuti adzakwera galimoto imene anakwera mayi ake, woyendetsa adzakhale bambo ake. A Dobrivoje anangogwedeza mutu. Koma nditapita kukawaona m'nyengo ya chisanu, ndinapeza injini ili zidutswazidutswa pa tebulo la m'shedi.

Mutu wa injini anali akuukhutiza pa sandipepa, ndipo sandipepayo anamumata pa mwala wakuda wosalala. Mwalawo ndinauzindikira. Chinali chidutswa chimene wosema miyala anadula pa chiliza cha Radojka.

"Alamu, mwala wa kumanda mukugwirira ntchito ya ukwati?"

"Palibe chinthu chosalala kuposa ichi m'mudzi muno," anatero osadzutsa mutu. "Ndikapala pang'ono apa, petulo azipanikizika kwambiri, ndiye aziphulika mwamphamvu. Anthu amalipira zambiri mumzinda wa Užice pa ntchito yomweyi."

"Nanga mukapala mopitirira?"

"Chitsulo chopala sichibwerera. N'chifukwa chake muzikhala chete ndikamagwira ntchito."

Sanathere pomwepo. Timayenje todutsa mpweya anatikulitsa ndi tupa. Kabuleta, uja amasakaniza petulo ndi mpweya, anakatenga wa galimoto yaikulu kwa wogulitsa zitsulo zakutha, posinthana ndi kachasu wa mapulamu anga. Sefa ya mpweya inakana kulowapo, ndiye anaisiya, kukamwa kwa kabuletayo kunangokhala yasa. Kachitsulo kamene kamatsegula moto ukaponda anakalumikiza ndi waya wa njinga, ndipo kuti kazibwerera anakokerapo sipuling'i ya bedi lakale. Injini itayamba kutentha kwambiri, chitseko chake cha kumbuyo anachitsegula n'kuchichirikiza ndi kandodo kachitsulo kuti mphepo izilowa.

"Mabuleki bwanji?" ndinafunsa.

"Mabuleki ndi atsopano, alamu. Moyo wake wonse galimotoyi imaima yokha."

Anaseka, ndipo kanali koyamba kuwaona akuseka za nkhaniyi. Ine sindinaseke. Ndinawauza kuti phiri lili ndi mbali ziwiri, koma iwo ankangoona mbali yokwera.

Tsiku limene anailiza koyamba, nkhuku zinabalalika bwalo lonse. Kagalimoto kaja kankabangula ngati kalusa. Chimene chinandiopsa chinachitika atazimitsa. Kiyi anali m'manja mwawo, koma injini inapitiriza kudzigwedeza ndi kugunda, ngati nkhuku yoti aidula kale mutu. Anati ikatentha imatero, si kanthu. Ine ndinapita kukalankhula ndi Smilja.

"Mwana wa mchemwali wanga, kwera galimoto ya kwa apongozi ako. Ili ndi malamba, ili ndi chilichonse."

"Amalume, inu mumaopa ndi wilibala yomwe," anatero akundisisita paphewa. "Bambo sanagone bwino chisanu chonse chifukwa cha ine. Ndiwauze kuti ntchito yawo ndaikana? Ndipo inu mudzakhala kutsogolo, kuti muziwauza achepetse."

Tsiku la ukwati a kwa Obrad anafika m'mawa kudzera kumtsinje, ndi mbendera ndi oimba malipenga. Pamene tinkakonzeka kunyamuka, azakhali a mkwati, mayi Persida, anayamba kumanga mathaulo pa magalasi a m'mbali a galimoto iliyonse monga mwa mwambo. Ndi mayi wabwino mtima, ndipo thaulo la galimoto ya mkwatibwi analipeta okha, lalitali, la mphonje zofiira. Pa Fića panali kagalasi kamodzi kakang'ono, mfundo inkangopulumuka. Anazungulira galimoto yonse kufuna pomanga, mpaka anaona kandodo kaja kumbuyo. Anamanga pomwepo, mfundo ziwiri zolimba, mphonje zikulendewera pamwamba pa injini.

Ndinayang'ana a Dobrivoje. Iwonso anali ataona. Anayenda mpaka kumbuyoko, dzanja linatambasuka, kenaka linabwerera m'thumba. Kumasula thaulo la asewele pamaso pa anthu, pa tsiku lotere, n'chimodzimodzi kuwauza kuti atenge mwana wawo azipita.

"Lakongola, asewele," anatero. Mayi Persida atatembenuka, anapinda mphonje zija n'kuzilowetsa kuseri kwa kandodo.

"Alamu," ndinanong'ona, "mphepo izitulutsa."

"Lowani m'galimoto, alamu. Anthu akudikira."

Smilja anakhala kumbuyo yekha chifukwa diresi linadzaza mpando wonse. Ine ndinakhala kutsogolo, mawondo akugunda chitsulo.

Kunena zoona, Vranjak tinakwera bwino zedi. Kagalimoto kaja kanalusa, kanasiya galimoto zonse zatsopano zikupuma fumbi lathu, malipenga akumveka kutali kumbuyo. Smilja ankaomba m'manja n'kumamenya bambo ake paphewa. A Dobrivoje misozi inkatsika n'kulowa m'ndevu. Titafika pamwamba anati, "Mayi ako akanaona." Akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo mawu amenewa anandibwerera msewu utangoweramira kwathu.

Ndinaona phazi lawo likuchoka pa moto. Injini sinatsike mawu. Anapondanso n'kuchotsa, anakoka chopondera chija ndi nsonga ya nsapato, koma chinangogwa pansi ngati chakufa. Mphonje zinali zitakola kachitsulo kaja, ndipo sipuling'i ya bedi inalibe mphamvu yokabweza.

"Bambo, chepetsani pang'ono, velo ikuuluka," anatero Smilja, akusekabe.

"Gwira mpando wa amalume ako, mwanawe. Gwiritsa."

Mawu awo anali otsika kwambiri moti Smilja anasiya kuseka nthawi yomweyo.

Mbali imeneyo msewu umakhotakhota. Kumanzere kuli thanthwe, kumanja, kumene ndinakhala ine, kuli phompho, ndipo nsonga za mitengo umaziona pansi pako. A Dobrivoje anaponda mabuleki. Galimoto inagwira pang'ono, tinakhota pokhota poyamba matayala akulira. Anazimitsa kiyi. Injini, yotentha chifukwa cha chitunda chija, inapitiriza kugunda ndi kutikankha ngati kuti kiyi ndi wa nyumba ina. Anayesa kubweza giya, zitsulo zinangokukuta n'kukana. Fungo la mabuleki opsa linadzaza m'katimo, ndipo ndinaona phazi lawo likumira pang'onopang'ono mpaka pansi. Ndinakoka handibuleki ndi manja awiri. Inabwera yonse mosavuta, yopanda kanthu.

Mantha amene ndinamva sindingawakometse. Ndinafuna kupemphera koma pemphero lililonse linandithawa. Kumbuyo kwanga Smilja anandigwira kolala ya jekete mpaka kundikanyanga pakhosi, akungoti, "Bambo, bambo," motsitsa ngati kamwana kodwala. Kutsogolo kunali kukubwera pokhota pakulu, pamene pali kasupe. Pamalo pomwepo ndi pamene Radojka anatsika kudzakankha. Pa liwiro limenelo sitikanakhota, ndipo tonse atatu tinadziwa.

"Smilja, gona cha kwa amalume ako," anatero a Dobrivoje. "Alamu, mugwireni mutu."

Anakhotetsera galimoto kumanzere, mbali yawo, n'kuikhutiza pa thanthwe. Sanaigunditse mwachindunji. Anaikhutiza monga ankakhutizira mutu wa injini pa mwala uja, pang'ono, kenaka mwamphamvu, osasiya. Phokoso lake ndimalimvabe m'mano. Kagalasi kanathothoka, zenera linaphulika, chitseko chawo chinapindikira m'kati, moto ukuthetheka. Dzanja lawo lamanzere linali pakati pa chitsekocho ndi chiwongolero, ndipo sanalichotse, chifukwa akanalichotsa galimoto ikanabwerera kuphompho. Tinakhukhuluzika choncho mpaka tayala lakutsogolo linagwera mu ngalande ya kasupe, ndipo tinaima. Injini inabangulabe kanthawi, kenaka inameza thaulo lija n'kutsamwa. Kunangoti zii, kumveka madzi a kasupe okha.

Smilja analibe bala ngakhale limodzi. Ine ndinali ndi chotupa pamphumi. A Dobrivoje anatulukira mbali yanga, nkhope ili mbuu, ndipo asanafike anthu anachita zinthu ziwiri. Anapita kumbuyo, anasolola thaulo lija ndi dzanja lamanja n'kulikulunga pa dzanja lophwanyikalo, kenaka anakoka jekete kuphimba zonse.

"Mabuleki anakana," anandiuza akundiyang'ana m'maso. "Mwamva, alamu? Mabuleki. Mayi uja asadzamve za thaulo, ndipo mwanayu asalowe m'banja ndi mlandu."

Anthu atafika panali kulira ndi kufunsana. Ena, ataona nkhope ya a Dobrivoje, anati tibwerere, tiwatengere kuchipatala cha ku mbali ya Brezje, chimene chinali pafupi. A Dobrivoje anakana. Anati angokalika pang'ono, ndipo ukwati subwerera m'mbuyo. Ndinawachonderera, ndinawatukwana kumene, koma zinali ngati ndikulankhula ndi thanthwe lija. Smilja anakana kukweranso galimoto iliyonse, choncho anatsika phirilo wapansi atagwira mkono wamanja wa bambo ake, malipenga akutsatira mwakachetechete. M'tchalitchi ndinaima kumbuyo kwawo, ndikuona madontho akugwa kuchokera m'jekete n'kudontha pa nsapato. Anapirira mpaka wansembe anaveka ana aja nduwira za ukwati n'kuwazungulitsa, kenaka anatsamira pa ine n'kukomoka. Madokotala anati akanafika msanga mwina akanapulumutsa zambiri. Anadula m'munsi mwa chigongono.

Mayi Persida mpaka lero amauza anthu kuti thaulo lawo ndi limene linamanga bala la asewele, ndipo a Dobrivoje amavomereza kuti n'zoona. Tupa anapatsa anthu. Galimoto anaikokera kwawo ndi thirakitala, kudzera kumtsinje, ndipo ili pansi pa mtengo wa mapeyala, mbali imodzi yoyera, ina yopalika mpaka chitsulo. Kuigulitsa anakana.

Chilimwe chathachi tinakhala pabwalo pawo tikumwa khofi. Mwana wa Smilja, kamtsikana kotchedwa Radojka, kanali m'galimotomo kakupukusa chiwongolero n'kumalira ngati injini. Kenaka kanatulutsa mutu pazenera.

"Agogo, ine ndikadzakula ndidzakwatiwira m'galimoto muno. Amayi anakwera, agogo aakazi anakwera. Mudzaikonza eti?"

Smilja anaseka pang'ono n'kuyang'ana kumbali. A Dobrivoje anamwetulira, anati tidzaona. Koma khofi wawo anatayikira pa thalauzi. Pondiperekeza kokwerera basi anayenda mpaka pa mlatho, kenaka anaima.

"Alamu, mubwere mawa ndi manja anu awiriwo," anatero. "Tidzachotse matayala, ndipo injiniyo mukaitaye kumene ine sindingakaipeze."