Waya wa pafensi

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pakapeti. Amayi a kumpingo anali ataimba usiku wonse pamaliro a achimwene, ena akadali mu yunifolomu ya kushifiti. Tinayatsa mbaula za gasi kuseri kwa nyumba ya achimwene ku Oldbury, kuno kudziko la azungu, pafupi ndi kashedi kawo ka wayilesi. Kunali kamvula kowaza.

Achimwene ankaswera m'kashedimo. Chombo china cha m'mlengalenga chikamadutsa, ankachitumizira timauthenga pawayilesi, icho n'kutigwetsera kwa anzawo a ku Spain ndi ku Italy. Yankho likamabwera, wayilesi inkalira ngati nkhululu, iwo n'kumaseka okha. Koma m'miyezi yomwe anayamba kudwala, kulirako kunasiya. Anasintha wayilesi, koma kunali zii. Ndiye anati ndi aneba, mkulu wachizungu yemwe ankadandaula kuti eriyo ya wayilesiyo ikunyansitsa malo. Waya wa eriyoyo unkadutsa pafensi yake. Waudula, basi, anatero achimwene. Mphamvu zoti akwere akaone analibenso. Ali m'chipatala anatiuza, ine ndi akazi awo: "Ameneyo asadzaponde pamaliro anga."

Ine ndinakhulupirira. Munthu wosaseka ngati uja, angalephere?

Anthu anayamba kufika, a ku Foleshill pa minibasi, a ku Hanley pamagalimoto awo. Kenako anebawo anatulukira, tayi yakuda pakhosi, atanyamula mipando iwiri. Mtima wanga unawira. Wabwera kudzaona ntchito ya manja ake? Ndinawatsekera pageti. Sanatsutse. Anatsamiritsa mipando pafensi n'kubwerera.

Kumanda kunali matope okhaokha. Kumbuyo kwa gulu kunaima madala atatu achizungu omwe sitinkawadziwa, ndipo nyimbo ndinkaimba diso lili pa iwo. Titakwirira, mmodzi anafika kwa alamu anga, akazi a achimwene, chipewa m'manja. Anati ndi anzawo a achimwene a zawayilesi. Anati chomvetsa chisoni n'chakuti achimwene apita osamva chombo chija chitayambiranso. Makina ake anali atafa komweko kumwamba miyezi yonseyi, palibe ankachimva, ndipo angowakonza sabata yatha.

"Ndiye si waya?" anafunsa alamu. Mdalayo anapukusa mutu.

Ine ndinati aaa, amenewa akuikirana kumbuyo.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Alamu analowa m'kashedi n'kuyatsa wayilesi monga ankachitira amuna awo. Ndinaima pakhomo, manja m'chiuno, kudikira kuti bodza lioneke. Tinadikira mpaka miyendo kuwawa. Kenako nkhululu ija inalira, kawiri, katatu, timalemba tikutsika pagalasi la wayilesiyo. Waya wake womwewo, wosakhudzidwa ndi munthu.

Alamu sanalire. Anasuzumira panja. Mipando ija inali ikadali pafensi, itanyowa.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "mipandoyo mukabweze ndinu."