Udzu wa a Ivvár

Mukafuna a Ivvár musavutike kugogoda pakhomo. Yang'anani panjira ya kumtsinje wa Deatnu: akakhala kuti sakutsika, ndiye kuti akukwera. Akazi awo, a Gáddjá, anawerengapo tsiku lina, maulendo asanu ndi awiri. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, msana wokhota ngati mbedza, kukangoima pagombe, kuyang'ana madzi, kulavula, n'kubwerera.

Mtsinje aboma anautseka kwa asodzi, chino n'chilimwe chachinayi. Nsomba ya salimoni yachepa, ndipo aliyense ali ndi womuloza chala. Ena akuti nyanja yafunda, ena akuti nsabwe zochokera m'makola a nsomba, ena akuti alendo a mbedza. A Ivvár amaloza onsewo, kupatula ukonde wawo.

Bamboyu anayamba kupalasa bwato asanadziwe kupukuta mamina. Ngakhale a Gáddjá anawafunsira ndi nsomba, chinsomba chofika m'chiuno, kungochiponya patebulo pa apongozi. A Gáddjá mpaka lero amati anavomera nsombayo, mwamunayo anabwera ngati banyira.

Tsono nkhani ili pa udzu. Lamulo la kuno n'lakale: woponya ukonde azikhala pafupi ndi mtsinje, ndipo munda wake uzitulutsa udzu wouma wokwana matani awiri chaka chilichonse. Ukaleka kumweta, ufulu wa ukonde wapita. Ng'ombe yomaliza ya a Ivvár inafa mwana wawo asanakwatiwe, koma udzu akumwetabe, n'kumagawira nkhosa za eni. Kale ankautukwana udzuwo poti umakhwima sabata yomwe nsomba zikukwera. Lero akumwetera ng'ombe yomwe kulibe, kuti asunge ufulu wogwira nsomba yomwe kulibenso.

Chaka chino mvula inachita mwano. Mwana wawo wa kumzinda wa Tromsø naye sankaleka kuimba foni, akuti chipinda chilipo, bwerani mudzapumule. Mtima wa a Gáddjá unali utalonga kale katundu. Kenaka dzuwa linatuluka, ndipo Lolemba a Ivvár anagwetsa udzu wonse. Kunangotsala kuutembenuza masiku atatu.

Lachiwiri kunatulukira a Lemet, mlongo wawo wa a Gáddjá, amene anagulitsa munda wawo kwa anthu a m'tauni.

"Alamu, ng'ombe zadzuka bwanji?"

"Zadzuka bwino kuposa munda wako umene amangapo chimbudzi."

"Cha madzi, alamu, musachinyoze. Tamverani. Kumpanda umene atchinga mtsinje kumunsi kuja akufuna anthu odziwa nsomba. Nsomba zachilendo za linunda zabwera ngati dzombe, zikulanda salimoni malo oikira mazira. Ntchito yake n'kusankha basi: ya linunda chibonga m'mutu, salimoni yathu kuipatsa njira. Mawa lomweli."

"Mawa ndili ndi udzu."

"Ndiye khalani, muzikazinga udzuwo ndi batala."

A Gáddjá anaika kapu ya khofi pansi. "Pitani, bambo. Udzuwo uwole, tipumule tonse."

Masana onsewo a Ivvár anangokhala ngati nkhuku yofuna poikira. Akagwira chokokera udzu, maso kumtsinje. Akafika kumtsinje, maso kumitambo. Anavala nsapato za m'madzi, kuvula, kuvalanso. Zaka zinayi osagwira nsomba yamoyo si masewera. Lachitatu m'mawa anakwera galimoto ya a Lemet osayang'ana kumunda, ngati munthu wothawa mwana akulira.

Kumpandako anapeza za linunda zili piringupiringu mu msampha. Anapha mpaka dzanja kuchita dzanzi, akung'ung'udza kuti nsomba yotere kwawo sangapatse ngakhale galu. Pofika masana zinali zitapitirira mazana anayi. Salimoni zenizeni zinadutsa ziwiri zokha, zonse m'manja mwa ena.

Yachitatu inadza kwa iwo. Yaikazi, mimba tololo ndi mazira, pambali ili ndi chilonda. Apa ndiye anthu amasiyana pofotokoza, koma amene anali pafupi akuti chala chinalowa chokha m'makha mwa nsombayo, dzanja linalo litanyamula kale chibonga. Chizolowezi cha zaka makumi asanu ndi limodzi sichifunsa mwini.

"Alamu! Iyo ayi!"

Chibonga chinaima m'malere. A Ivvár anaiyang'ana nsombayo nthawi yaitali, ataigwira pachifuwa.

"Isiyeni, si achemwali anga amenewo kuti muziwakumbatira pagulu."

Anaitsitsa m'madzi kumtunda kwa mpanda, kuigwira mchira mpaka inadzigwedeza n'kupita. Nthawi yomweyo dontho la mvula linawagwera pakhosi.

"Mazira amenewa akaswa," anatero, ngati akudziyankhulira, "ana ake abwerera zikatha zaka zisanu ndi chimodzi, mwina zisanu ndi ziwiri."

"Inu mudzakhala kuseri kwa tchalitchi nthawi imeneyo, udzu ukumera pamwamba panu. Matani awiri ndithu."

"Ndipatse makiyi."

"A galimoto yanga?"

"Kapena ndiyende wapansi, ukafotokoze wekha kwa mlongo wako."

Anafika kunyumba mvula ikuwaza, nsapato za m'madzi zili m'miyendo. Udzu wonyowa thirakitala ilibe nawo ntchito, choncho anasolola mitengo ndi mawaya a malemu bambo awo pansi pa khola, n'kuyamba kuzika mizere yoyanikapo udzu monga ankachitira akale. Mtengo umodzi, kugwira msana. Wina, kugwira msana.

A Gáddjá anaonerera pawindo ola lathunthu. Potuluka anali atavala jasi, chokokera chili m'manja.

"Nsomba zingati mwaona?"

"Zitatu."

"Zitatu! Ndifere kuno chifukwa cha nsomba zitatu?"

"Imodzi inali ndi mazira."

"Nanenso ndinali nawo, simunandiyanikirepo udzu. Tasunthani uko, waya ameneyo mwamanga ngati chidakwa."

Anayanika masiku awiri. Wapansi unada n'kutayidwa, koma wa pamawaya unauma, ndipo matani awiri anakwana, ngakhale mokokera. Ufulu wa ukonde ulipo chaka china. Chipinda cha ku Tromsø mwana wawo waikamo makina ochapira. A Gáddjá anawanyanyala amuna awo, masiku asanu ndi anayi osawayankhula, ndipo a Ivvár anazindikira zimenezi pa tsiku lachisanu ndi chimodzi.