Mkamwini wanga Laban ndi nsato yokana kudya

Mzungu wa kumgodi uja atamanga katundu kubwerera kwawo mu 1977, antchito ake anagawana zotsala. Wophika anatenga njinga, wochapa anatenga wailesi. Mkamwini wanga Laban, amene ankasamala maluwa pabwalo, anapatsidwa nsato m'bokosi lagalasi, ndipo pa atatuwo ndi iye yekha amene anagwada pothokoza.

Laban ndi wa ku Petauke, kum'mawa kwa dziko lino, anabwera kuno ku Kabwe ali mnyamata ndi bulangete limodzi. Si munthu woipa. Samwa mowa, sanakwezepo dzanja pa mwana wanga Dailes, ndipo pa ntchito ya mapampu a madzi imene anaipeza pambuyo pake sanajombepo. Vuto lake n'limodzi: chilichonse chimene mzungu anachikhudza amachiona ngati chinatsika kumwamba. Njokayo anaitcha Morgan, dzina la bwana wake, n'kuiika pakhonde la nyumba yawo ku Kamushanga kuti odutsa adziwe kuti pano pali munthu wodziwa zachizungu.

Ife a ku Bwacha, komboni ina ya mu Kabwe momwemuno, makolo athu anachoka ku Malawi kudzakumba mtovu, ndipo njoka timailonjera ndi mpini wa khasu. Koma mwambo wathu, womwenso ndi wa kwawo, sulola mkamwini ndi apongozi ake aakazi kuyang'anana kumaso kapena kulankhulana. Choncho ndinatseka pakamwa.

Mu Juni wa 1978 Dailes anabereka Christabel, mdzukulu wanga woyamba, wa tsitsi lambiri ngati ana onse a mtundu wathu. Mayiyo anataya magazi ambiri, mkaka sunkatuluka bwino, khanda linkalira mpaka mawu kusasa. Masiku amenewo nyama m'mabutchala munalibe. Ndinagwira msoti wanga wonenepa, umodzi wokha umene chitopa chinandisiyira, ndinaumanga miyendo n'kukwera nawo minibasi, kuti Dailes akamwe msuzi wake mabere adzaze.

Nditafika ndinamangirira nkhukuyo kumtengo wa mango. Pakhomo panali chisoni ngati pamaliro, koma osati chifukwa cha mayi ndi khanda. Morgan anali atakana kudya milungu isanu.

"Amama, ayesa zonse," anatero Dailes ali chigonere. "Makoswe amoyo a kumsika atawakana, atate a Christabel anati wadwala, ndiye wodwala amafuna ndiwo zakumudzi. Anaitanitsa mbewa ku Petauke."

"Zamoyo?"

"Zouma, zothira mchere. Anaziika pambale ija ya alendo, ati Morgan anazolowera ulemu."

"Nanga iwe wadyapo chiyani lero?"

"Phala. Linali la Morgan, koma nalonso walikana."

Pawindo ndinamuona Laban atanjuta pafupi ndi bokosi, akunyengerera njoka m'Chingelezi chake cha m'maluwa. Pampanda panatsamira a Sailas, Mbemba woyandikana nawo, amenenso anali tcheyamani wa chipani m'deralo. Abemba ndi anthu a kum'mawa amanyozana tsiku ndi tsiku, palibe amakwiya.

"Inu a ku Petauke, mbewa zanu muzidya nokha," anatero a Sailas. "Njoka ili ndi nzeru. Kapena ilibe khadi la chipani, ndiye ikuopa kudya?"

"Odya anyani mungadziwe chiyani za Morgan?" anayankha Laban.

"Ndikudziwa chimodzi chabe. Kwa mzungu inkadya nkhuku."

Ndinamva mawuwo, koma sindinaganize kuti munthu wa ndevu angawatole. Ndinasambitsa khanda, ndinathowa Dailes ndi madzi otentha, kenako ndinatuluka ndi mpeni. Pamtengo panali chingwe chokha. Msoti wanga unali m'bokosi lagalasi, Laban atagwira chivundikiro ndi manja awiri, maso ali pansi.

Mtima unandiuza kuti ndimugwire m'khosi. Koma ine ndinaleredwa. Ndinamufulatira, ndinayang'ana mtengo wa mango, n'kulankhula nawo mokweza kuti Kamushanga yense amve.

"Iwe mtengo, ndinakusungitsa nkhuku ya mwana wanga amene ali gone m'nyumbamu. Waipereka kwa yani?"

Laban anatsokomola, n'kuyankha akuyang'ana njoka. "Morgan, auze amama kuti tabwereka chabe. Mwezi ukatha tidzabweza ziwiri."

"Mtengo iwe, kodi khanda la masiku anayi limadziwa kudikira mwezi kutha?"

"Morgan, auze kuti bwana anandisiyira iwe m'manja. Ukafa ndidzawalembera zotani?"

"Mtengo, funsa ngati bwanayo analembapo kalata ndi imodzi yomwe yofunsa za njoka yake, kapena za amene akuisunga."

A Sailas anali atakhala pansi ndi kuseka, ndipo m'nyumba Christabel anayambanso kulira. Ndinayenda chafutambuyo mpaka pabokosi, chitenje nditaphimba nacho nkhope mbali ya mkamwini. Iye, poopa kuti tingakhudzane, anasiya chivundikiro n'kulumphira m'maluwa. Mwambo womwe unandimanga pakamwa ndi umene unandichotsera munthuyo panjira.

Ndinatsegula. Chilombo chija chinali chitadzikulunga pakona, mutu chitabisa, msoti wanga utaima pamsana pake ukujompha mawangamawanga a pakhungu lake poyesa ndi chimanga. Ndinapisa dzanja kugwira nkhuku, mkono wanga n'kukhudza njokayo. Inali yozizira ngati chitsulo cha njanji m'mawa.

"Mtengo," ndinatero ndikupita kukapha nkhukuyo, "chinthu chija chafa ndi mphepo. Kwa mzungu chinkagona m'nyumba yamagetsi. Pano achiika pakhonde mu Juni ngati nsapato. Ngakhale ine sindingadye."

Msuzi unapsa dzuwa lisanapendeke. Dailes anamwa makapu awiri, anadya ntchafu zonse, ndipo nthutumba, imene imakhala ya mwini nyumba, ndinamuikira iyeyo m'kamwa ndi dzanja langa. Tsiku lachitatu mkaka unatuluka mpaka kunyowetsa malaya. Christabel anayamwa, anagona. Lero ali giledi seveni, ndipo nambala wani sanaisiyirepo mwana wa munthu wina.

Laban anayamba kutulutsa bokosi padzuwa m'mawa uliwonse, madzulo n'kulifunditsa masaka. Kutayamba kutentha mu Ogasiti, njoka inafundula khungu n'kumeza khoswe popanda woinyengerera. Mpaka lero amauza anzake a kumapampu kuti nzeru yoiwotha padzuwa anaiwerenga m'buku la mzungu. Ine sinditsutsa, mkamwini satsutsidwa. Tinagwirana chanza patapita zaka, mwana wachitatu atabadwa, ndipo tsopano timalankhulana. Koma akabwera ku Bwacha n'kupeza ndapha nkhuku, amadziwa yekha kuti chake ndi khosi.