Tikiti Imene Ndinasintha Ndekha

Chaka cha 2011 ndinali ndi zaka 49. Ndinafika ku Doha pa kontirakiti ya udalaivala, nditayendetsa malole pa msewu wa ku Beira zaka makumi awiri osagwetsapo ngakhale imodzi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Injini sindinaiphunzire m'buku.

Ananditumiza kukagwira ntchito ku banja lina ku Duhail. Ntchito inali kunyamula madamu ndi ana. Mwana wachiwiri wa bwana, wa zaka khumi, sankakhala kumbuyo ngati abale ake. Ankakhala pambali panga, maso ali pa mapazi anga.

"Ami, nsapato mwavuliranji?" Ami ndi mmene ana a kuno amaitanira munthu wamkulu.

"Nsapato ndi yogontha. Phazi limamva."

Lachisanu tikachoka ku mzikiti ndinkapita naye kuchipululu pa pikiapu yakale ya bambo ake. Ndinkamuvulitsa nsapato. Akaponda mafuta mwaukali ndinkazimitsa injini, n'kumutsitsa ayende pa mchenga. Analira kawiri. Kachitatu sanalire.

Bambo ake anamugulira kagalimoto ka mpikisano, kopanda denga, kotsika ngati wilibala. Ku bwalo la mpikisano salola munthu wopanda nsapato, ndiye ndinkakwecha pansi pa nsapato zake pa simenti mpaka zitapyapyala. Iye akamathamanga ine ndinkaima pa mpanda, khutu lili tcheru. Akadutsa ndinkadziwa ngati tcheni chakhwepa. Amakanika ankandiseka poyamba. Kenako anayamba kudzandifunsa.

Mwana uja anayamba kupambana. Mipikisano kuno imachitika nyengo yozizira, kuyambira Novembala mpaka Malichi, nthawi imene kwathu ku Machinga timalima. Tchuthi changa chinali cha miyezi imeneyo. Ndinkachikankhira kutsogolo, chaka ndi chaka. Mkazi wanga ankalima yekha.

Atakwana zaka 16 anamukweza pa magalimoto akuluakulu. Bwana analemba mzungu wophunzitsa, wa kompyuta m'manja. Tsiku loyamba mzungu uja anandiuza kuti madalaivala amadikira koimika magalimoto. Ine sindinachoke pa mpanda.

Chaka chomwecho mkazi wanga anadwala m'mimba. Mu Febuluwale anaimba foni.

"Bambo ake, mubwera liti?"

"Malichi akatha."

"Malichi ndi kutali."

"Mankhwala mwamwa?"

"Ndamwa. Kodi mwana wa eni akeyo ndi amene adzakuikeni m'manda?" Anaseka, koma kuseka kwake kunathera m'kubuula.

Madamu anamva, n'kuuza bwana. Bwana anandiitana. "Yalla, fulumira, pita kwanu. Tikiti iyi, ndege ndi mawa." Ndikulemba izi kuti zidziwike: palibe anandiletsa.

Koma mpikisano womaliza unali utatsala milungu iwiri, ndipo wopambana ankapita ku Ulaya. Ine ndinali nditamva kaphokoso mu giya yachitatu ya galimoto ya mwanayo. Mzungu anati kompyuta sikuona chilichonse. Ndinaganiza kuti ndikachoka mwana agonja. Ndinaganizanso china choipa kuposa icho: kuti akapambana ine kulibe, anthu adzati ndi nzeru za kompyuta. Ndinakwera basi kupita ku dera la Old Airport, ku ofesi ya matikiti, n'kusintha tsiku ndi dzanja langa.

Ndinaumirira mpaka amakanika anamasula giya. Anapeza dzino limodzi litadyeka. Mzungu anandigwira chanza.

Lachinayi m'mawa, sabata ya mpikisanowo, ndili ndi sipanala m'manja, mwana wanga wamkazi anaimba foni.

"Ababa, amayi atisiya."

"Nthawi yanji?"

"Kukucha. Ashehe akuti sitingadikire."

"Musadikire."

Ife Asilamu sitigoneka maliro. Anamuika madzulo omwewo. Sindinauze munthu. Loweruka mnyamata uja anapambana, n'kuthamangira kwa ine ndi chikho. Pamenepo ndi pamene ndinamuuza. Anaika chikho pansi, pa tala.

"Ami, bwanji simunanene?"

"Ukanaponda mafuta mwaukali."

Ndinafika kwathu pa sadaka ya masiku makumi anayi. Mwana wanga anagwada, n'kundipatsa madzi osamba m'manja ngati mlendo. Anandilozera manda iye ataima patali. Patatha mwezi ndinabwerera kuno, chifukwa kumeneko ndinalibe chochita.

Lero mnyamata uja ndi katswiri. Sanandiiwale, amandiimbira foni pa Idi. Ine ndimakhala ku Muntazah, chipinda chimodzi ndi anyamata a kwathu aulonda. Akamuona pa TV amakuwa, "Madala, mwana wanu uyo!" Ndimayang'ana mmene akulowera pa kona. Phazi lake likumvabe.

Anawina zikho zambiri, sindiziwerenga. Ndimawerenga zanga. Madzinja asanu ndi limodzi amene sindinagwire khasu. Khutu lamanzere, limene injini zinagonthetsa. Mkazi mmodzi, ndi dothi lodzaza manja atatu limene sindinaponye m'manda mwake. Mwana wamkazi mmodzi, wamoyo, amene amandiyankha kuti "tili bwino" n'kudula foni.