Makatuni a pa Thumba la Simenti

Ndikukumbukira khonde lathu la ku Area 23, ndi mpando wansungwi umene abambo ankakhalapo chaka chimene anadwala matenda ofa ziwalo. Ndinali mu Sitandade 6. Asanadwale ankayendetsa minibasi, ndipo anali munthu waphokoso. Akamaseka kwathu, a landilodi ankamva ali kwawo n'kuyamba kuseka nawo, nkhani osaidziwa. Atatuluka m'chipatala, mbali yonse yakumanzere inali itafa. Mawu ankatuluka amodziamodzi, olemera, ndipo kuseka kunatheratu. Ankangoyang'ana msewu, fumbi la Okutobala likuwatera pamapazi. Mantha anga sanali akuti amwalira ayi. Ndinkaopa kuti abambo amene ndinkawadziwa anachoka kale, atisiyira thupi lokha.

Nthawi imeneyo n'kuti nditapenga ndi zojambula. Ndinkatola nyuzipepala zokulungira mandasi n'kumaonera makatuni, mafuta ali noninoni papepala. Aphunzitsi ankati mtsikana wanzeru sataya nthawi ndi zidole, ine ndinkangovomera pakamwa.

Ndiye ndinaganiza zowajambulira abambo nkhani yoti aseke. Mayi wina wakwera minibasi ndi tambala, kondakitala akuti tambalayo alipire, mkangano uli mkati tambala wapulumuka, wakatera pa chiwongolero. Ndinaijambula ngati za m'nyuzipepala, timabokosi toyambira kumanzere kupita kumanja, mawu ali m'timabaluni pamwamba pa mitu. Ndinawaikira pamiyendo, mtima uli dyokodyoko. Anayang'ana nthawi yaitali, nkhope osasintha, kenaka maso anabwerera kumsewu kwawo. Ndinati mwina mawu achuluka, ndinajambulanso yopanda mawu. Chimodzimodzi. Ndinakulitsa zithunzi, n'kupaka makrayoni obwereka. Ayi ndithu. Tsiku limenelo ndinakalirira kuseri kwa bafa, kuti amayi asandione poti anali ndi zawo zolira.

Chimene chinanditsegula maso ndi mbale ya mpunga. Masana ena ndinaona abambo adya mbali yakumanja yokha n'kuika supuni pansi ngati amaliza. Amayi anangozunguza mbale ija, abambo n'kuyambanso kudya.

"Amayi, bwanji mumatembenuza mbale?"

"Za kumanzere sazionatu, mwanawe. Maso ali bwinobwino, koma mutu sukuwauza kuti kumeneko kuli kanthu."

Ndiye kuti masiku onsewo ndinkawapatsa theka la nkhani! Ankaona tambala wopanda mwini ndi mkangano wopanda chiyambi. Ngakhale ine sindikanaseka.

Aneba athu ankamanga mpanda. Ndinakapempha thumba la simenti, lapepala lofiirira lija, ndinalikung'untha mpaka kuyetsemula, n'kulidula mizere yopyapyala, m'lifupi mwake ngati chikhatho. Amayi anailumikiza ndi singano, akudandaula kuti ulusi wogula ukuthera pa masewera, koma akusokabe. Ndinajambulanso nkhani yonse ndi bolopeni, chithunzi chimodzi pansi pa chinzake, palibe cha kumanzere, palibe cha kumanja. Pa msoko womaliza pepala linakwinyika moti bolopeni inkakana, choncho ndinadumpha malo aakulu ndithu n'kukajambula tambala wanga m'munsi mwenimweni. Zinandinyansa, koma thumba lina ndinalibe. Ndinakulunga zonsezo pa chitsononkho.

Ndinagwada kumanja kwa mpando wawo, chitsononkho chili m'manja mwanga, n'kuwagwiritsa nsonga ya pepala.

"Kokani, abambo."

Anakoka. Mayi uja akukwera. Anakokanso, pepala likulira khwekhwe, kafungo ka simenti kakutuluka. Kondakitala watambasula dzanja. Ndinaona kuti chithunzi chilichonse akuchiimira, osathamanga, monga ankaimira pa siteji iliyonse. Anafika pa msoko paja, palibe kanthu. Anakoka, palibebe. Anakwinya nkhope n'kukoka mwamphamvu, ndipo uyo, tambala ali pa chiwongolero, dalaivala wabisala pansi pa mpando, kukuoneka mapazi okha.

Poyamba ndinkayesa atsamwa. Phewa lakumanja linagwedezeka, kenaka phokoso lija linatuluka, lopotoka, lochokera mbali imodzi ya kamwa, koma lawo lenileni. Amayi anabwera chothamanga kuchokera kochapa, manja ali thovu lokhalokha. Abambo analoza chithunzi chija ndi chala.

"Chiwongolero... waika... mbali yolakwika. Minibasi... ya ku Amereka imeneyi?"

Amayi anakhala pansi pomwepo, chitenje chili kumaso. Ine ndinkaseka, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa munthu wotha kunena mwana wake chonchi ndiye kuti adakalimo. Kuyambira tsikulo amisiri a m'dera lathu ankandisungira matumba, ndipo abambo sanasiye kundipezera zifukwa. Matayala ako aphwa. Kondakitala wanenepa kwambiri, akudya ndalama za abwana.

Lero ndimajambula nkhani zanga n'kuziika pa intaneti. Anthu amaziwerenga pafoni ali m'minibasi, akukankha ndi chala chachikulu, chithunzi pansi pa chinzake. Achinyamata ojambula amakangana kosatha: tsamba lathunthu, timabokosi tinayi, kapena mzere wautali wotsika? Akandifunsa ndimati ayambe adziwa amene akumujambulira ndi mmene amaonera. Ena amagoma ndi mpata umene ndimasiya chithunzi chomaliza chisanafike, amati ndi luso. Ine ndimangomwetulira, poti ndikudziwa kuti unali msoko wa amayi.

Abambo anamwalira mafoni oterewa asanafike m'makomo mwathu. Owerenga ndili nawo ambiri tsopano, ena ali kunja kwa dziko, ndipo amanditumizira tinkhope toseka tsiku ndi tsiku. Ndimathokoza. Kungoti palibe ndi mmodzi yemwe amene ndimamumva akuseka.