Mphika wa mayi wa m'kanyumba kamitengo

Lachiwiri, 3 koloko masana, mwamuna wanga anamwalira kuchipatala ku Tallaght. Ndinali ndisanagwirepo ntchito muno mu Ireland. Patatha miyezi iwiri, amake Tadala, anzanga akutchalitchi, anandipezera ntchito yokonza m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Dún Laoghaire.

M'chipinda china anamangamo kanyumba kamitengo, kuonetsa momwe banja lina la ku America linkakhalira kalekale. Bambo wa pabanjapo ankayenda m'matauni kudzudzula ukapolo. Mkazi wake ankatsala kuthengoko ndi ana, n'kumaphikiranso akapolo othawa omwe ankawabisa pakhomopo. Chithunzi cha bamboyo chinali chachikulu, atatchena jekete. Cha mayiyo panalibe. Panali mphika wake wachitsulo basi, wakuda bii. Kanyumbako anakatchinga ndi chingwe kuti alendo asamagwire zinthu.

Abwana, mayi wachizungu, anandipatsa magolovesi, burashi yofewa ndi nsalu youma. Anati, "Kuseri kwa chingwecho muzichotsa fumbi lokha. Madzi ayi."

Ndinapirira milungu itatu. Ana asukulu ankaloza mphikawo n'kumati, "Nyansi!" Zinkandiwawa. Munthu wodyetsa khamu lonse lija azimuyesa wauve? Tsiku lina m'mawa tisanatsegule, ndinatenga sopo ndi waya wotsukira mapoto, n'kukwecha mbali imodzi mpaka chitsulo chinayamba kuwala.

Abwana ataona anagwira pakamwa. "Mwaye umenewo ndi wa moto wa mayiyo! Wawoloka nyanja osachoka, inu mwauchotsa ndi waya!"

"Ndiye mayi mnzangayo azichita manyazi pamaso pa alendo tsiku lililonse?" ndinatero.

"Pitani kunyumba. Tikuyimbirani."

M'sitima ndinkangodzikalipira. Ntchito ikatha, ana anga awiri adya chiyani? Amake Tadala pafoni m'malo mondipepesa anaseka. "Achemwali, kuno anthu amalipira kuti aone litsiro limenelo. Ndani anakutumani?"

Abwana anandiyimbira Lachisanu kuti ndibwerere. Ndinapeza atatembenuza mphikawo, mbali yowala italoza kukhoma. Anandisayinitsa pepala la chenjezo. Apa m'pamene ndinamvetsa chimene abwana ananena: mwaye uja ndiwo umboni wokhawo woti mayiyo anagwirapo ntchito. Bambo anasiya mawu ake m'mabuku, mayi anasiya mwaye, ndipo theka ndinafufuta ndine, amene ndinkati ndikumuteteza. Kuyambira pamenepo chinthu chakale ndimayamba ndafunsa, ngakhale chindinyanse bwanji.

Ntchito sinathe. Pano ndimakolopa makonde ndi zimbudzi kuyambira 7 koloko mpaka 11. M'chipinda chija amakonzamo wina.