Phala la Ana Atatu

Chinali chitini cha mafuta ophikira chodulidwa pakati. Amalume anachiboola mbali ziwiri n'kulowetsamo waya kuti chikhale ndi chogwirira. Dzimbiri linali litadya m'mphepete mwake, moti ukachigwira mosasamala chinkacheka chala. M'chitini chimenechi ndi mmene tinkanyamulira phala la ang'ono anga m'mawa uliwonse, m'nyengo yowokera mpunga ya chaka chimene chinatsatira kuphwa kwa nyanja.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Wonditsatira anali mtsikana wa zaka ziwiri, ndipo kumsana kwa amayi kunali khanda lachimuna limene linali litangoyamba kukhala pansi. Bambo anali msodzi, koma matemba atatha anapita kukafuna ntchito kuminda ya fodya, kutali, ndipo kalata sinabwerepo. Amayi analibe puloti yawoyawo ku sikimu ya mpunga ya Likangala. Ankagwira ganyu wowokera m'mapuloti a anthu ena, madzulo n'kubwera ndi mgaiwa kapena madeya atamanga pakansalu. Eni mapuloti ankatenga amene afika msanga. Wofika dzuwa litatuluka ankabwerera chimanjamanja.

N'chifukwa chake tambala akangolira kachiwiri amayi ankakhala atadzuka. Ndimakumbukira utsi wa nkhuni zonyowa umene unkaluma m'maso, ndi mkokomo wa achule kudambo. Ankatapa ufa manja atatu, dzanja limodzi mwana mmodzi. Shuga tinali titamuiwala. Nsinjiro zinatha Khirisimasi isanafike. Chotsala chinali kamchere basi.

Khandalo ankalimwetsa pompo. Ankaligoneka pamwendo, n'kupinda chikhatho chawo pakamwa pake, n'kuthiramo phala lamadzimadzi. Linkalira, linkatsamwa, phala lina n'kutulukira m'mphuno, koma linkameza. Lero ndikaona mayi akumwetsa mwana choncho ndimamuletsa. Koma amayi analibe nthawi yonyengerera mwana ndi sipuni, ndipo sindikudziwa ngati ineyo ndikanachita mosiyana.

Vuto linali mng'ono wanga. Anamuletsa kuyamwa msanga chifukwa cha mimba ya khandalo, ndipo kuyambira pamenepo kudya kwake kunali kwa pang'onopang'ono. Ankasunga phala m'tsaya, akuyang'ana moto, osameza. "Meza, mwanawe, kunja kukuyera," amayi ankatero. Akaona kuti nthawi yatha, ankathira phala lake lotsala m'chitini muja pamodzi ndi lamasana, n'kundipatsa ine kuti ndinyamule.

Ana awiriwo tinkawasiya kwa akazi awo a amalume, amene ife tinkawatchula azakhali. Mwendo wawo umodzi unali wopuwala, choncho m'matope sankalowa. Amayi asanu a m'mudzi mwathu ankawasiyira ana. Pakhonde pawo pankakhala mphasa imodzi yong'ambika, ndipo pofika ife tinkapeza ana ena atagona pamenepo ngati maungu, ntchentche zili pakamwa. Ine ndikatula chitini ndinkapitirira kusukulu.

Njira yopita kwa azakhali inkadutsa m'mbali mwa ngalande. Amayi ankatsogola, khanda kumsana, mng'ono wanga m'chiuno, akuyenda ngati akuthamangitsidwa. Ine ndinkatsalira. Gawo langa ndinkakhala nditadya kale kunyumba, koma linkangodzutsa njala. Pamene njira inkakhota pa mtengo wa mkuyu, amayi akabisika, ndinkakweza chitini n'kumwa kamodzi. Masiku ena kawiri. Kenako ndinkapukuta pakamwa ndi kolala ya yunifolomu. Palibe amene anandionapo.

Tsiku lina kusukulu tinaweruka msanga chifukwa denga la kalasi yathu linkadontha, ndipo ndinapeza azakhali akuthira maphala onse mumphika umodzi, n'kuwonjezera madzi. Zitini zinabwera zisanu, koma ziwiri zinali zopanda kanthu. Eni ake ankangozivundikira ndi kansalu kuti panjira zizioneka zodzaza. Ndinakawauza amayi, ndikuganiza kuti ndikuchita bwino.

M'mawa mwake amayi anaima pabwalo la azakhali osatsitsa ana.

"Alamu, ine ndiziwerama m'matope kuti ndidyetse mudzi wonse?"

Azakhali sanakweze mawu. "Ndiye mundiuze ndani azikhala akuonerera anzake akudya. Mundilozere, ndimukhazike kuseri."

Amayi sanaloze aliyense. Anamasula khanda, nalitsitsa pamphasa, n'kupita. Anachedwa tsiku limenelo ndipo ganyu sanamupeze. Anabwerera ndi masamba a kholowa okha.

Masiku amenewo mawu akuti njala sankatchulidwa poyera. Amalume anatichenjeza kuti, "Panjira musamati kwathu kulibe chakudya. Makutu ndi ambiri." Kusukulu aphunzitsi ankatiimbitsa nyimbo zoti m'dziko muno aliyense akukhuta, ife tikuwomba m'manja, m'mimba mukulira. Aphunzitsiwo sindiwaimba mlandu. Nawonso lamba wawo anali ndi zibowo zatsopano zoboola ndi msomali.

Choncho mng'ono wanga atayamba kutupa, matenda ake anawapezera dzina lina. Anayamba ndi mapazi. Ukadina ndi chala, kadzenje kankatsala. Kenako masaya, ndipo ine ndinasangalala poganiza kuti akunenepa. Tsitsi lake linafiira n'kuyamba kuthothoka likangokhudzidwa. Anasiya kulira mokweza. Ankangong'ung'udza ngati mwana wa mphaka. Kuchitsime amayi ena ankanong'onezana kuti ndi tsempho, kuti mwamuna kulibe nanga mwana watupa bwanji, payenera kuti pali amene akulowa m'nyumbamo. Amayi anazimva. Anatunga madzi awo n'kusenza. Kunena kuti mayi wachita chigololo kunalibe mlandu. Kunena kuti mwana alibe chakudya ndiye kukanatha kumumangitsa munthu.

Kuchipatala amayi anapita naye kamodzi, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Anauzidwa kuti azimupatsa mazira, mkaka ndi phala la nsinjiro. Amayi ankatifotokozera kuti anangoyankha kuti, "Chabwino, ndamva."

M'mawa womaliza kunkagwa mvula yamawawa. Mng'ono wanga anakana phala, ngakhale lapachala. Titafika kwa azakhali anagwira chitenje cha amayi ndi manja onse awiri. Sankalira. Ankangogwira. Ndinaona amayi akuyang'ana kum'mawa kumene kunali kutayamba kuyera, kenako akuyang'ana mwanayo. Anagwada n'kuyamba kumasula tizala take kamodzikamodzi. Azakhali anati, "Alamu, lero mukanakhala." Amayi anati, "Ndikakhala, mawa adya chiyani?" Anamugoneka pamphasa, namufunditsa mpango wawo wa kumutu, n'kuthamanga mutu uli pamtunda.

Tisanafike nthawi yopuma, amalume anaima pakhomo la kalasi atavula chipewa. Aphunzitsi anatuluka, ndipo pobwerera anandiuza kuti nditenge sileti yanga. Anthu ena anakawatenga amayi kusikimu. Anafika matope ali mpaka m'mawondo, msundu udakamatirirabe pakatumba, magazi akuyenderera, iwo osadziwa. Azakhali anali atakhala pansi atamufungata mng'ono wanga, ndipo ana ena anayi aja anali atawazungulira, akudikira phala lawo.

Ine ndinadziwa mumtima mwanga amene wamupha. Ndinawerenga masiku onse a pamkuyu paja. Pamaliro anthu ankati mwanayu akulira kwambiri, ankamukonda mng'ono wake. Ndinkalira ndi mantha. Zinanditengera zaka zambiri, mpaka nditabereka anga, kuti ndivomere kuti zimene ndinkamwazo sizikanasintha kanthu, ndipo ngakhale lero pali masiku amene sindivomera.

Patapita masiku atatu amayi anadzukanso tambala atalira kachiwiri. Mbande za panazale sizidikira maliro. Zikakula mopitirira, eni ake amaitana ena. Ndinagona chopenya ndikuwaonerera akukoleza moto. Anatapa ufa dzanja loyamba, lachiwiri, lachitatu. Atatapa lachitatulo anaima, dzanja lili m'mwamba pamwamba pa mphika. Anakhala choncho nthawi yaitali, madzi akuwira. Kenako anathira.

Atamwetsa khanda, phala lonse lotsala anandiikira ine m'mbale. Linali lambiri kuposa limene ndinali nditadyapo nyengo yonseyo. Ndinadya. Ndinakombeza ndi chala mpaka mbale inayera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri m'mimba mwanga munatentha bwino. Ndiyenera kunena zoona: ndinakondwa.

Nthawi yonse imene ndinkadya, amayi anali atatembenukira kukhoma. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi, komanso sanandifulumizitse, ngakhale kunja kunali kukuyera. Ine ndinati basi adziwa, wina wawauza za pamkuyu, sakufunanso kuona nkhope yanga. Ndinayenda pambuyo pawo m'mbali mwa ngalande ndikudikira kuti atembenuke andimenye. Sanatembenuke. Sindikanatha kudziwa pa msinkhu umenewo kuti mayi angafunitsitse mwana wake akhute, koma n'kulephera kupirira kumva phokoso la chala chake chikukombeza mbale.